Mbale Zimene Anazitaya M'bini

Tsiku limene anapeza mbale zake zoyesera mankhwala pa mabakiteriya zili m'bini, mtsikanayo sanalire. Anangoima chilili, atakwiya koopsa. Ntchito ya miyezi yambirimbiri inali itasakanikirana ndi magolovesi akutha.

Amene anazitaya anali mkulu wa labotale imene mtsikanayu ankachitiramo kafukufuku. M'chipinda chimenecho ankadziwa chinthu chimodzi: mankhwala abwino amasiya malo oyera pambale, pamene mabakiteriya afera. Mbale za mtsikanayu zinali zodzaza ndi mabakiteriya amoyo. Mkuluyo sanafunse n'komwe. Anangomuuza kuti akapanda kuonetsa chanzeru pakutha pa teremu, malo ake apatsidwa kwa wina. Anzake anamutcha Mbusa, ati chifukwa ankaweta tizilombo m'malo motipha.

Abale anga, kunyoza n'kosavuta. Mwa onse osekawo, palibe anadziwa kuti bambo ake a Mbusa anamwalira ndi bala la pamwendo lotulutsa mafinya obiriwira, mankhwala onse atalephera.

Mbusa anali ataphunzira kuti mabakiteriya amatumizirana uthenga kudzera m'timadzi timene amatulutsa. Akamva kuti achuluka, m'pamene amayamba kulavula poizoni onse pamodzi. Choncho iye ankapanga mankhwala ofanana ndi uthengawo, oti akawatseke makutu. Gulu losamvana siliukira.

Anayambiranso. Mankhwala ena ankakana kusungunuka, ena osachita kanthu. Amayi ake ankamufunsa pafoni ngati tizilomboto ndi timene tidzawabweretsere mkamwini. Iye ankaseka, n'kubwerera kuntchito.

Teremu itatha, anaika mbale ziwiri patebulo, pamaso pa onse.

"Mbusa, ziweto zako zidakali moyo," anatero mkuluyo, anthu n'kufa nacho chikhakhali.

"Zili moyo ndithu, bwana. Koma taonani mtundu wake."

Mbale imodzi inali yobiriwira ngati bala la bambo ake lija. Inayo, imene anathiramo mankhwala ake, inali yotuwa. Onse m'chipindamo ankadziwa kuti kubiriwirako ndiye poizoniyo. M'mbale yotuwayo mabakiteriya analimo ochuluka, koma sanamvane, ndipo poizoni sanatuluke.

Kuseka kunatha. Mkuluyo sanapepese, kwa anthu ena kupepesa kumawawa kuposa kuzula dzino. Anangofunsa chapansipansi kuti mbale zinatayidwa zija zinali za mtundu wanji.

"Zotuwa, bwana. Zonse."

Malo ake sanapatsidwe kwa wina. Lero ali ndi tebulo lakelake, ndipo dzina la Mbusa anakana kulisiya. Mankhwala ake sanafike kuchipatala, ulendo udakali wautali, koma palibenso amakhudza mbale zake asanafunse.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti yankho linagonapo kale m'bini, chifukwa cha munthu amene anaweruza asanayang'ane. Inunso mwina wina anataya ntchito yanu osaiona bwino. Iye akataya mbale, inu musataye mtima. Tengani ina yatsopano, muyambirenso.