Khonde la Apongozi Anga

Apongozi anga, bambo a mkazi wanga, tikukhala nawo kuno ku Kopong, m'dziko la Atswana, chimwalirire akazi awo. Tinakawatenga ku Ntcheu chifukwa ankangokhala okha m'nyumba, kudya kosadya. Tinkati akakhala pakati pa zidzukulu mtima ukhala pansi.

Koma zidzukulu zake ziti? Zimalawirira kusukulu, ndipo zikabwera zimawayankha agogo awo m'Chingerezi kapena m'Chitswana. Ine ndi mkazi wanga timakwera kombi kupita kuntchito m'tauni. Iwo ankatsala ndi wailesi yakanema yolankhula zomwe sakumva.

Masabata apitawa, tikumwa tiyi, ananena mofatsa. "Apongozi, mundifunsireko za basi. Ndibwerere kwathu." Mkazi wanga anadzuka n'kulowa kuchipinda, tiyi wake osamaliza.

Loweruka la sabata lomwelo kunabwera a Banda, mmisiri wobadwira ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a ku Dedza, kudzayeza malo oika denga la mthunzi. Dzuwa la kuno mukulidziwa, silichita manyazi. Ndinali nditaganiza kale zomwe ndikufuna. Matabwa ayi, chiswe sichichedwa. Neti imatchinga dzuwa, koma mvula imadutsa, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imaing'amba. Ndinasankha aluminiyamu: sachita dzimbiri, ndi wopepuka, komanso poti nyumba ndi ya lendi, denga lomanga ndi mabawuti tikhoza kulimasula n'kusamuka nalo. Mwini nyumba anali atavomera. Malo ake ndinkafuna kuseri, koti tiziwotcha nyama popanda wotiona.

Apongozi anatitsatira mwakachetechete, manja kumbuyo.

"Kuseri kuno kumadutsa ndani?" anafunsa.

"Palibe, bambo. N'chifukwa chake ndakukonda."

"Ndiye likhala khonde la chiyani?"

Ndinayang'ana a Banda kuti andithandize. Iwo anangopinda tepi yawo. "Ine ndimanga paliponse, bwana. Koma inu ndi mudhara, akuluwa, mugwirizane kaye. Sindikumba maenje kawiri."

Munthu amene ankandifunsayo ndi telala. Moyo wawo wonse anasokera pakhonde la sitolo, msewu uli patsogolo pawo, aliyense wodutsa akuwapatsa moni. Chibwerere kuno, aka kanali koyamba kuti anenepo maganizo awo pa chinthu cha panyumba pathu. Mkazi wanga, ali pazenera la kukhitchini, anandiyang'ana kamodzi kokha. Amene muli pabanja mukukudziwa kuyang'ana kumeneko.

Denga linamangidwa kutsogolo. Loyera, kuti lisasunge kutentha, lotalika bwino kuti mpweya uzidutsa, lopendekeka pang'ono kuti madzi azitsikira m'ngalande. Pochoka, a Banda anatilangiza kuti tizilitsuka ndi madzi a sopo ndi tsache lofewa, osati waya wokwechera mapoto, tizichotsa masamba m'ngalande mvula isanayambe, ndipo kukawomba chimphepo tiziona ngati mabawuti sanakhwefuke. Ine ndinangogwedeza mutu. Apongozi ndi amene anafunsa mafunso, ndipo ntchitoyo anaitenga okha. Madzi otsala pochapa zovala tsopano satayidwa, amasungira nsanamira zawo. Pamwamba pokha ndi pomwe ndinawaletsa kukwera.

Lachitatu lapitali ndinaweruka msanga. Nditatsika kombi ndinamva makina osokera akulira. Anali a mkazi wanga, opukusa ndi dzanja, omwe anakhala zaka pamwamba pa kabati. Apongozi anali atawaika patebulo pansi pa denga lija. Pambali pawo panakhala mkulu wina wa Chitswana wa nyumba yoyang'anana nafe, amene ine ndimangomukwezera dzanja ndipo dzina lake sindinkalidziwa. Ankadikira thalauza lake.

"Awa ndi a Rre Modise," anatero apongozi. "Nawonso akazi awo anamwalira. Ali ndi ng'ombe kumudzi, koma mwendo ukuwavuta."

"Mwamvana bwanji, bambo?"

"Ine ndimati dumela, moni wawo uja, iwo amati dumela. Zinazo timalozerana."

Thalauza litatha, mkuluyo analitembenuza uku ndi uku, nathokoza kuti, "Ke a leboga, rra." Apongozi anayankha kuti, "Zikomo, mubwerenso mawa," ndipo mawa lake anabweradi, opanda chosoketsa.

Za basi sanazitchulenso. Sindikunena kuti chisoni chawathera. Nthawi zina ndimawapeza atangoyang'ana kumsewu, makina ali chete. Koma akudya, ndipo andituma ulusi wakuda ku Main Mall.

Abale anga, tinabwera kuno kudzasaka moyo, ndipo taphunzira kukhala ngati eni tauni. Mchimwene wanga ku Maruapula ali ndi mpanda woti ngakhale denga la nyumba simuliona, waya wamagetsi pamwamba, zabwino zonse kuseri. Sindimunena. Akuba alipo, ndipo mlendo m'dziko la eni safuna kuonekera kwambiri.

Komabe tikamatenga makolo athu kumudzi, timawerengera bedi, mankhwala ndi chakudya, n'kumati tawasamala. Timaiwala kuti anthu amenewa anakulira panja, pomwe tsiku silitha osalonjerana ndi munthu. Timawatsekera geti m'mawa mwachikondi, n'kutenga kiyi.

Inu amene mukuwerenga izi muli kuntchito, mayi anu aja munawasiya kunyumba alankhula ndi ndani lero?