Mabowo Asanu ndi Awiri a Ndege ya ku Falls Church

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatola ndege yankhondo kuseri kwa nyumba yathu ku Falls Church, ku Virginia. Sekani, ndinakuzolowerani. Amene sakukhulupirira akwere basi abwere kwathu, amami amutsegulira kabati adzionere yekha. Chabwino, sinali ndege yonse. Chinali chidutswa chachikulu ngati chitseko. Chitseko cha uvuni, koma chitseko ndi chitseko.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kuseri kwa mdadada umene tinkakhala kunali kamtsinje, ndipo mvula ikagwa kankabwera ndi mipira, nsapato ndi matayala a njinga. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinaona chinthu chobiriwira chitakodwa m'mizu. Ndinalimbana ndi ng'ona zitatu kuti ndichitenge. Ku Virginia kulibe ng'ona, ndikudziwa, koma matope ake anali oti ng'ona ikanawakonda. Chinthucho chinali chopepuka, chopindika pang'ono, ndi timisomali tozungulira m'mbali. Ndinachiyesa ndi maginito a pa filiji, osamata. Ndinali nditawerenga kusukulu kuti ndege amapangira aluminiyamu ndipo maginito samatapo. Kwa ine mlandu unathera pomwepo.

Ndinachibisa sabata yathunthu pansi pa bedi, kenako ndinakachiika pamaso pa adadi. Chinali ndi mabowo asanu ndi awiri pakati.

"Zipolopolo izi, adadi. Ndege ya nkhondo yachiwiri."

Adadi ankayendetsa galimoto ya ofesi ina ku Foggy Bottom, ndipo ankabwera atatopa moti nkhani zanga ankazimvera ndi khutu limodzi. Tsiku limenelo anazimitsa wailesi yakanema. Analowetsa chala m'bowo limodzi. Kenako anandiuza za agogo awo amene anapita kunkhondo ku Burma, n'kubwerako ndi chifuwa ndi bulangete basi. Bulangetelo linatha kalekale. Banja lonse linalibe kanthu ka nkhondo ija koti munthu n'kugwira m'manja.

Mawa lake chitsulo chinali patebulo la pabalaza, pansi pake atayala kansalu koluka ka amami. Anaimbira foni ku Ntcheu. Anauza anzawo a kutchalitchi. Pofika Lachisanu nkhani inali itakula kuposa mmene ineyo ndikanaikulitsira, ndipo anthu anaitanidwa kudzaona Lamulungu tikaweruka mapemphero. Adadi anati Lolemba apempha tchuti, achinyamule kupita nacho kunyumba yosungirako ndege zakale, akalembetse dzina la banja lathu.

Pakati pa oitanidwa panali ankolo a Sakala, amene ankakhala m'nyumba ya pansi pathu. Anali a ku Zambia, kale ankakonza ndege za asilikali kwawoko, ndipo kuno ankagwira ntchito m'galaja lalikulu lobwezeretsa ndege zakale. Zida zawo ankabwereketsa mdadada wonse, koma chilichonse ankachidziwa ngati mwana wawo.

Lamulungu pabalaza panadzaza. Fungo la mandasi, tiyi wamkaka, ana akuyankha makolo awo m'Chingerezi. Ine ndinaima pakati nditavala tayi, ndikufotokoza mmene woyendetsa ndegeyo anadumphira ndi palachuti n'kutera pamalo oimika magalimoto ku Seven Corners, pafupi ndi kwathu pomwepa.

Ankolo a Sakala anamaliza tiyi wawo kaye. Anavala magalasi, natembenuza chitsulocho kuti aone kumimba kwake.

"Yami," anandiitana m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "ni ndani anaombela ndeke pamwamba pa Seven Corners?"

"Ankaphunzira kuombera, ankolo. Mnzake anaphonya."

"Kasanu na kawili? Mnzake uyo anali na nkhani naye."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo mochedwa. Kenako anayamba kutisonyeza. Timisomali ta m'mbali tija, anati, pa ndege yothamanga amatimiza kuti khungu likhale losalala, mphepo isakodwe. Tangati tinali totumphuka, tokhala ndi kabowo pakati, ta m'sitolo iliyonse. Kumimba kwa chidutswa cha ndege za nthawi imeneyo kumakhala penti wachikasu chobiriwira woteteza ku dzimbiri, ndipo kawirikawiri pamakhala nambala yodinda ndi kachidindo ka munthu amene anachiyendera kufakitale. Changa kumimba chinali mbuu, ngati mbale.

"Amdala," anauza adadi, "ici ni kacitseko ka kalavani, zija nyumba zokoka na motoka. Mwana ali na maso, aluminiyamu waidziwa. Koma sicinaulukepo, kupatula ngati mphepo inacinyamula."

Adadi anakhala ngati munthu amene waponda sitepe yomwe palibe. Anafunsa motsitsa mawu: "Nanga mabowowa, achimwene?"

Ankolo anayang'ana mabowo aja nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine pamwamba pa magalasi. Ndinaona imfa.

"Cipolopolo cimang'amba, cimasiya nsimbi yotambasuka kumbuyo. Aya ni ozungulila bwino, onse saizi imodzi, ni a manje-manje. Amene anabowola azakamba yekha tsiku lake."

Anatenga mandasi ena n'kuyamba kufunsa amami za mtengo wa ufa wa kusitolo ya Amwenye. Nkhani inasintha. Anthu anati obowolawo ndi ana opulupudza a m'dera lino. Adadi anandisisita pamutu, nati aliyense amalakwitsa. Kusisita kumeneko kunandiwawa kuposa lamba.

Loweruka lotsatira ankolo anagogoda, nandipempha kwa amami. Tinayenda ulendo wautali pagalimoto yawo yonunkha girisi ndi malalanje, mpaka kugalaja kuja. Munali ndege yeniyeni, imene anaivuula m'nyanja ina, theka lake lowala, theka lodyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Anandilola kugwira bowo la chipolopolo. Linali loipa, lokhota, lakuthwa kumbuyo. Anandionetsa kachikwangwani kachitsulo kokhala ndi nambala ya ndegeyo, nati nambala imeneyo amaiyerekeza ndi mabuku akale mpaka adziwe kumene inapita ndi tsiku limene inagwa. Ngakhale kachikwangwaniko sakakhulupirira msanga, chifukwa ena amakachotsa pa ndege yakufa n'kukakhoma pa ndege yatsopano.

Kenako anatenga chidutswa chimene anapanga okha dzulo lake, chofanana ndendende ndi chakale. Kumimba kwake anali atadindapo chizindikiro ndi chaka.

"Mwachidindiranji, ankolo? Palibe angadziwe."

"Ndiye cifukwa cake. Kuwonjezela si mlandu, ndeke yobooka siimilila. Koma ukawonjezela, dinda, kuti wobwela pambuyo adziwe cako ni citi, ca eni ake ni citi. Pali munthu anakhala mu mpando uyu. Sitingamunamizile."

Za mabowo anga sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anapuma pantchito ndili kusekondale, nabwerera kwawo ku Chipata. Galimoto yonunkha malalanje ija ndimaisowa mpaka lero.

Kukometsa nkhani sindinasiye, mukundidziwa. Koma ndinaphunzira kudinda. Ng'ona zija ndadinda kale. Tayi nayenso ndi wowonjezera, ndinalibe. Zotsalazo n'zoona, kupatula chidutswa chimodzi chimene ndakhala ndikuchibisa zaka zonsezi.

Mabowo aja ndinabowola ndine, m'bafa, Lachitatu masana. Mwina munaganiza kale. Chimene simukudziwa n'chakuti makina obowolerawo ndinakabwereka kwa ankolo a Sakala eni ake, ndikunena kuti adadi akufuna kukhoma makatani. Nsonga yake inali yobenthuka pang'ono, ndipo m'bowo lililonse inasiya kamzere kamene iwo ankakadziwa ngati siginecha yawo. Ndipo pamene ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi paja, anali atakhala moyang'anizana ndi zenera lathu, limene linalibe makatani.

Adadi amawerenga chilichonse chimene ndalemba, ndipo ichinso awerenga. Adadi, ana opulupudza a m'dera lino aja anali mmodzi, ndipo ankadya kunyumba kwanu. Ndinkangofuna muzimitse wailesi yakanema. Ankolo anati wobowola adzanena yekha tsiku lake. Ndi lero.