Kambale ka Basera

Alamu anga a Enelesi Alufandika sanagulitsepo chinthu osawonjezerapo kena. Ndawadziwa zaka makumi atatu, chikwatiwireni ndi malemu mkulu wanga, ndipo ndimawauza pamaso kuti dzanja lawolo lili ndi matenda. Anayamba ndi usipa m'mbali mwa msewu pa Chia. Munthu akagula mulu umodzi, iwo ankatapa wina n'kuponyapo. Atasiya nsomba n'kuyamba mpunga, anapeza kambale kachitsulo kophwanyika mkombero, ndipo kambale kameneko n'kamene kakhala kakuwadyera phindu mpaka lero. Wogula ndowa, kambale pamwamba. Wogula thumba, timbale tiwiri, ndipo ngati waseka bwino titatu.

Ine ndine Timoteyo, mphunzitsi wopuma. Masamu ndinaphunzitsa zaka zambiri, koma alamu angawa anandikanika. Ndikati ndiwerengere zimene akutaya, amangoti, "Alamu, inu mumagulitsa chiyani? Choko?" Nkhani n'kuthera pomwepo.

Mpunga wawo ndi wa Faya, wonunkhira uja, ndipo amaugula kwa amayi a m'midzi yozungulira Chia. Kwa zaka zambiri ankaugulitsa pang'onopang'ono kwa anthu a malesitilanti ndi a magolosale. Oda yaikulu ikabwera ankaikana, chifukwa kubanki ankafuna chikole, pomwe nyumba yawo ili pamalo a makolo opanda pepala. Anapitako katatu, ndipo katatu konse anabwerako ndi bolopeni yaulere basi.

Chaka chatha zinthu zinasintha. Banki ina yaikulu yachitukuko inapereka ndalama kubanki yathu ya pa boma kuti izithandiza amalonda ang'onoang'ono ogulitsa katundu kunja. Mayi Laura, amene amaona za ngongole kumeneko, anatifotokozera kuti tsopano chikole ndi oda yomweyo. Wogula wa ku Lusaka ankafuna matumba mazana asanu ndi limodzi. Banki yake inalemba kalata yolonjeza kulipira katundu akangowoloka malire. Poona kalatayo, banki yathu inapereka ndalama zopunthitsira, zogulira matumba, za thiraki, ndi theka la mtengo wa alimi. Theka linalo amayi aja anavomera kudikira, chifukwa wonena anali a Enelesi.

"Koma mumvetse, amayi," anatero Mayi Laura. "Banki siona mpunga, imaona mapepala. Zolembedwa ndi zopakiridwa zifanane ndendende, ndipo katundu awoloke malire pa Mchinji lisanathe Lachisanu lotchulidwa m'kalatamu. Likadutsa, kalata yafa."

Kalatayo inali m'Chingerezi, ndiye womasulira ndinali ine. Apa mpamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Pamene panalembedwa kuti thumba lililonse likhale makilogalamu makumi asanu, ine ndinangoti, "Matumba a fifite, alamu, monga mwa nthawi zonse." Mawu akuti monga mwa nthawi zonse sanali m'kalatamo. Ndinawonjezera ndekha. Kaya matenda aja ndi opatsirana.

Lachitatu m'mawa, mwera ukuwomba moti malata a nyumba yosungiramo katundu ankachita kulira, kunabwera Bambo Zaidi, woyeza katundu wotumidwa ndi banki. Munthu wake wosayankhulayankhula, wa sikelo yamagetsi yoyenda nayo m'bokosi. Thiraki inali itaima kale panja. Anasankha thumba limodzi pakati pa mulu n'kuliika pasikelo. Makilogalamu makumi asanu ndi awiri. Anasankha lina, chimodzimodzi. Atafika pa lachikhumi anavula magalasi.

"Amayi, sikelo yanu ili bwino?"

"Ili bwino, bambo. Fifite amakwana, kenako ndimaikapo basera."

"Thumba lililonse?"

"Nanga munthu wagula matumba onsewa, ndimupatse ouma?"

Bambo Zaidi anandiyang'ana ine, ngati kuti ndine ndinawabereka. Kenako anafotokoza mofatsa kuti sangasaine. Pepala likunena matani makumi atatu, pomwe apa pali tani ina yoposerapo imene palibe pepala lake. Pasikelo yapamsewu thiraki idzagwidwa chifukwa cholemera mopyola. Pamalire adzafunsa kuti katundu wosalembedwayu ndi wa yani. Ndipo banki ikaona manambala awiri osiyana, siilipira.

"Koma si ndamubera," anatero alamu anga. "Ndamupatsa."

"Ndikumva, amayi. Koma pafomu yangayi palibe polemba zimenezo. Ndibweranso mawa folo koloko. Ndikapeza zili chonchi, ndilemba zimene ndapeza."

Atachoka, a Enelesi anakhala pathumba, manja ali m'chilundu. Ine ndinkaganiza za amayi makumi anayi a ku Chia amene anapereka mpunga wa chaka chonse atangolandira theka. Ena anali atalonjeza kale fizi kusukulu. Kalata ikafa, banki idzafuna zake, mwini thiraki adzafuna zake, ndipo alamu anga sadzathanso kudutsa pamsika wa Chia nkhope ili poyera. Ndinachita masamu mwachangu: matumba mazana asanu ndi limodzi, lililonse kulisomola, kutapa, kuyeza, kusokanso. Anyamata athu anayi aganyu sakanamaliza ngakhale Loweruka.

"Alamu," ndinatero, "cholakwa ndi changa. Sindinamasulire bwino."

"Khalani chete, aphunzitsi. Mukanamasulira bwino ndikanaikabe." Anatulutsa foni m'kansalu n'kuimbira a Malita, amene amatsogolera amayi a ku Chia aja. Sanakometse. Anangoti, "Asisi, ndalakwitsa. Mpunga wanu uli pangozi chifukwa cha dzanja langali."

Sindinayembekezere zabwino. Ndinkati abwera kudzatenga mpunga wawo, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Itakwana wani koloko, kalole kanaima pakhomo, amayi ali thithithi, aliyense ndi chisingano chosokera matumba ndi beseni. A Malita anatsika moyamba, nkhope ili gwa.

"Inu a Enelesi, tinkakuuzani kuti kambale kameneka kadzakupachikani. Kali kuti?"

Alamu anga anakapereka ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba.

"Kameneka kandidyetsera ana anga chaka cha njala chija," anatero a Malita, akukatembenuza. "Lero kagwire ntchito yobweza. Tiyeni, amayi, dzuwa silikudikira."

Anagawana okhaokha. Ena kusomola, ena kutapa, ena kusoka. Ine anandiika pasikelo, ati poti ndimadziwa manambala, ndipo a Malita anawonjezera kuti ndingowerenga zimene zalembedwa, ndisaikepo zanga. Sikelo yathu ndi yakale, yokoloweka pamtanda, ndipo muvi wake umavina mphepo ikawomba. Thumba lililonse ndinkaliyang'ana kawiri, poopa kuti tikachotsa mopyola tikhalanso ndi mlandu wina woipa kuposa woyambawo. Pofika madzulo tinali titangokwanitsa mazana awiri ndi makumi atatu. Ulusi unatha. Zala za amayi ena zinali zitatuluka magazi.

Lachinayi tinayamba kusanawale bwino. Cha m'ma teni ndinagwira alamu anga akubwezera kadzanja ka mpunga m'thumba limene ndinali nditayeza kale.

"Alamu!"

"Limaoneka lofwapa," anatero, osandiyang'ana.

A Malita anawachotsa pamzere n'kuwatuma kukagula ulusi wina, kuti atalikire matumba. Thumba lomaliza linasokedwa Bambo Zaidi akuimika njinga yawo yamoto panja. Anayeza matumba makumi atatu, osankha mwachisawawa. Limodzi linaposa ndi kachidutswa, iwo anayang'ana kumbali, n'kusaina. Pakona panali patatsala mulu wa mpunga wokwana matumba makumi awiri ndi anayi, basera yekhayekha.

Thiraki inanyamuka Lachisanu m'mamawa. Dalaivala anaimba ali pa Salima, kenako foni yake inazima. Tsiku lonse alamu anga anakhala pakhonde langa, foni ili pamwendo, tiyi akuzizira. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ankadzuka, ngakhale ankadziwa kuti thiraki ili kutali. Anandifunsa kasanu kuti pa Mchinji amatseka nthawi yanji, ndipo kasanu konse ndinayankha molimba mtima zinthu zimene sindinkazidziwa. Itadutsa faifi, kunabwera uthenga wochokera panambala yachilendo: katundu wawoloka, batire la foni linatha.

Ndalama zinalowa sabata yotsatira. Amayi aja analandira theka lawo, ndipo matumba makumi awiri ndi anayi aja a Enelesi anawagawira onse, osatsalako ndi limodzi lomwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwerengere, koma ndinakumbukira zala zija n'kutseka.

Kenako wogula wa ku Lusaka anaimba, ine ndikumasulira, ulendo uno mawu ndi mawu. Anati sanalandirepo katundu wotere, thumba lililonse fifite ndendende, ndipo akufuna ena mwezi wamawa. Mayi Laura anasangalala kwambiri atamva. Alamu anga sanaseke. Foni itadulidwa anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndendende? Watero?"

"Watero, alamu. Akukuyamikani."

"Ndiye kuti kumeneko akundidziwa ngati mayi woumira."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti kwa anthu amenewo mawuwo ndi ulemu, koma anangopukusa mutu. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ndinaona kuti chinthu chimene banki yawakhulupirira nacho ndi chomwecho chimene iwo akuchita nacho manyazi.

Tsopano tatumiza kale mathiraki atatu. Pamsika kambale kaja kakugwirabe ntchito yake, ndipo palibe angawaletse. Koma tsiku lopakira za ku Lusaka amabwera nako kwathu m'mawa, n'kundipatsa kuti ndikatsekere m'kabati ya mabuku, kiyi ndisunge ine. Ndikakhala pasikelo ndimawaonera m'mbali. Muvi ukafika pa fifite, amati, "Sokani," koma dzanja lawo lamanja limakhala likupapasa pambali pa thumba, pamene kambale kankakhala.