Nandolo wa Apongozi

Matipate atabwera, aliyense anasanduka wogula mbewu. Ukangopeza sikelo ndi mtengo woipachikapo, basi, wayamba geni. Ine sikelo ndinali nayo, koma mpamba ndinalibe, galimoto ndiye osanena. Chuma changa chinali pakamwa. Ndinkazungulira ndi njinga m'midzi ya m'munsi mwa Michesi kufufuza amene ali ndi nandolo, kenako n'kuitana mabwana a ku Limbe kuti abwere ndi lole. Akanyamula katundu ankandiponyera kangachepe. Ndinkadzitchula ejenti. Anthu ankangoti dobadoba, ndipo dzina limenelo linkandiwawa kwabasi.

Ndinali pachikamwini, kwawo kwa mkazi wanga. Apongozi anga aakazi anali mayi wamasiye, Mlomwe weniweni, wolima yekha. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Mwambo wake ndi umenewo. Tikakumana panjira wina ankayenera kupatuka, ndipo kawirikawiri ankayamba ndi iwo, n'kunyonyomala cha pambali atayang'ana kwina. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga.

Chaka chimene ndikunenachi chimanga chinakanika, koma nandolo anabereka mochititsa kaso. Apongozi anaika mtima pa iyeyo: amugulitse, agule chimanga chowafikitsa ku masika. Mavenda apanjinga anali atayamba kale kuzungulira, ndalama zili m'manja. Ndiye bwana wina wa ku Limbe anandilonjeza mtengo wonona ndikamupezera nandolo wodzaza lole. Ndinabwerera kumudzi mapewa ali m'mwamba.

“Ukawauze amayi asagulitse kwa akubawa,” ndinatero kwa mkazi wanga. “Lole ikubwera.”

“Abambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno,” iye anayankha. “Nandolo sachedwa kufumbwa.”

“Iwe, za geni uzidziwira kuti? Pita ukanene!”

Anapita, n'kubwerako ndi yankho lalifupi. “Akuti ngati mwanena ndinu, adikira.”

Amayi ena a m'mudzimo ataona kuti apongozi abweza mavenda, nawonso anawabweza. Matumba anaunjikana pakhonde panga mpaka kutseka zenera. Ndinkakhala pamwamba pake nditapinda mwendo, odutsa n'kumandipatsa moni wa manja awiri. Ndinaiwala zoti mkamwini asamakule mwendo.

Lole ija sinabwere. Ndinkapalasa njinga kupita kuboma kukaimba lamya, bwana n'kumangoti mawa, mawa. Tsiku lina anandiuza mosapsatira kuti mtengo wagwa ndipo iye wadzaza kale kwina. “Usandivutitsenso,” anatero, n'kudula. Ndinaima ndi lamya kukhutu ngati ndikumvetserabe, kuopa maso a mtsikana wolipiritsa amene ankandiyang'ana.

Pofika apo n'kuti anankafumbwe atalowa kale. Ukagwedeza thumba, ufa unkangoti waa pansi. Nandolo wa apongozi ndiye anafumbwa kuposa wa onse, poti anali woyamba kukololedwa. Mavenda aja anabweranso, akuseka, n'kumasankha ngati akutichitira chifundo. Wa apongozi anangomutapa m'manja, n'kumubwezera m'thumba.

Amayi a m'mudzi anandisambitsa chokweza. Wina anandilozera chala m'maso, kunditukwana m'Chichewa, Chichewa chitamuthera n'kupitiriza m'Chilomwe. Kunena zoona, zimenezo zinkandipepuza. Munthu akakutukwana, ngongole ya mumtima imachepako. Koma kuchokera kunyumba ya apongozi sikunabwere liwu ndi limodzi lomwe. Ndinkamufunsa mkazi wanga kuti, “Amayi akuti chiyani?” Iye ankangoti, “Sakunena kanthu.” Ha! Bola akanabwera ndi munsi n'kundiphwanya nawo mutu.

Mvula itagwa, njala inalowa m'mudzi. Ine ndinkadzuka m'mamawa kupita kuboma kukasaka wondituma, kwenikweni kuthawa maso a anthu. Apongozi ndinasiya kuwaona pakhomo pawo. Nditafunsa, mkazi wanga anati apita ndi anzawo ku Mozambiki kukalima ganyu wolipidwa makaka, chinangwa chouma chija. Anandiuza akusesa, osadzutsa mutu. Mayi wamkulu ngati uja, wodandaula mawondo, kukapalira munda wa eni kudziko la eni!

Patapita masiku ndinkachokera kuboma masana, chimanjamanja, sikelo ikulendewera pahandulo. Mvula inali itangokata. Njira ya kwathu ndi yopapatiza, uku munda uku munda, ndipo m'mizere monse munali mutadzaza madzi. Nditakhota pa mtengo wa mango ndinawaona akubwera. Anali atasenza thumba la makaka, khosi litalowa m'mapewa, mapazi atatupa, chitenje chili matope okhaokha.

Ndinafinya mabuleki kuti nditsike ndipatuke ine. Ndinachedwa. Iwo anali atandiona kale. Anatsika m'njira, kulowa m'munda, matope mpaka m'akakolo. Pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira thumba pamutu, lina pabondo, ananyonyomala m'madzimo n'kuyang'ana kumbali, kuti mkamwini wawo adutse.

Mayo ine! Ndinafuna kufuula kuti dzukani amayi, ine si munthu womupatukira. Ndinafuna kuwalandira thumbalo ndiliike panjinga. Koma pakamwa panga, pomwe paja pankaitana malole, panauma gwa. Ndipo ndinadziwa kuti ndikaima, iwo akhalabe m'madzimo mpaka nditachoka. Ndinadutsa ndikukankha njinga, nkhope ili pansi, manyazi akundiotcha mpaka m'makutu.

Madzulo ake mkazi wanga analowa ndi lichero la makaka n'kuliika patsogolo panga.

“Achokera kwa amayi,” anatero. “Akuti anakuonani panjira, mwaonda.”