Mkulu amene ndinamupeka ku Masasa

Mpaka lero ndikamva hutala ya Landirova, ndimakumbukira tsiku lija inalira pakhomo pa agogo ku Masasa, mumzinda wa Mzuzu. Inu owerenga, ndinachita chinthu chopusa chimene chikanandichotsetsa ku yunivesite.

Ndinali m'chaka chachiwiri. Popita kutchuthi, aphunzitsi athu a mbiri yakale, a Kamanga, anatiuza kuti aliyense akacheze ndi achikulire akwawo, akalembe mmene anthu anafikira pamalopo. Ine ndinakula wamasiye, wosayankhulayankhula. Komanso masiku amenewo mnyamata wofunsafunsa ankamuyesa kazitape wa chipani. Ndinayesa ku Katawa, ndinayesa ku Kaning'ina, koma aliyense ankangoti zonse zili makora, ndiye kuti zili bwino, kenako n'kuyamba kukamba za mvula.

A Kamanga anali atanena kuti wovutika akawapeze ku ofesi, koma nditabwerera kusukulu ndinachita manyazi. Ndinangopeka mkulu wina, n'kumutcha Nyirenda. Ndinamupatsa ndevu, chifuwa, ndi ulendo wapansi wochokera ku Nkhata Bay kudzagwira ntchito ku esiteti. Ndinakhoza kuposa onse.

Tsoka lake, a Kamanga anamukonda mkuluyo. Tchuthi chotsatira anatulukira ku Mzuzu pa Landirova kuti adzajambule mawu ake. Agogo anawalandira ndi yewo chomene wambirimbiri, n'kuwayalira mphasa. Atamva chimene abwerera, anayamba kutchula a Nyirenda onse a ku Masasa, wina ndi wina, ndipo wandevu sanapezeke.

"Iwe mwana, Nyirenda wako uyu akukhala nkhu?" agogo anandifunsa, kufuna kudziwa kumene mkuluyo amakhala.

Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaulula zonse. A Kamanga sanaseke. Anati nkhaniyi akaifikitsa kwa akuluakulu a sukulu, mamalikisi aja afafanizidwa, ndipo mwina ndipulumuka chifukwa chakuti ndanena ndekha. Agogo ndi amene anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Wavutika kupanga mdala wa pepala, pamene ine ndinayenda ulendo umenewo ndi mapazi anga awa? Unandifunsa?"

Zoonadi, sindinawafunsepo. Madzulo omwewo anaitana anzawo a kutchalitchi. Poti anaitana ndi agogo, palibe anaopa. Amayi aja analimbirana kuyankhula, kutsutsana za amene anayamba kumanga nyumba ya njerwa, mpaka kuimba nyimbo zimene ankaimba posenza katundu pokwera phiri. A Kamanga anandionetsa mmene munthu amafunsira: kuyamba ndi moni, kunena chimene ukufuna, kenako kukhala chete. Kukhala chete ndiye ndinkakudziwa kale. Sindinasangalalepo ndi sukulu ngati tsiku limenelo.

Ku yunivesite anandichenjeza mwamphamvu, nandilola kulembanso. Koma zimenezo zinadziwika pambuyo pake, ndipo milungu yodikira ija sindiifunira munthu. Inu amene muli pasukulu, ntchito ikakukulirani, gogodani pa ofesi ya mphunzitsi, funsani mnzanu, funsani ngakhale wa m'nyumba mwanu. Manyazi ofunsa amatha msanga kusiyana ndi manyazi ogwidwa. Si onse amene amapatsidwa mwayi wachiwiri.

Tsiku lija, atatsazika, a Kamanga anatsegula chitseko cha galimoto, natulutsa bokosi la mabatire pamodzi ndi tepi yawo yojambulira mawu, nandipatsa m'manja.

"Uyambe ndi agogo akowa. Ndipo ubweze ili bwinobwino."

Anakwera n'kumapita.