Chikalata cha ukwati chochokera ku Katete

Aneba athu kuno ku komboni ya Natuseko ndi amayi amasiye osakweza mawu. Loweruka lililonse amapolisha jombo za malemu amuna awo, msilikali wophedwa kumalire a Rhodesia. Amati, "Wakufa sadzilankhulira, pakamwa pake ndine."

Atakafunsa penshoni, kalaliki anawabweza: "Popanda chikalata cha ukwati, amayi, sitikudziwani." Iwo anakwatiwa mwamwambo, pepala analibe, ndipo ana awo anayi ankagona ndi njala.

Sanalire. Anagulitsa makina awo osokera, nakwera basi mpaka ku Katete, nabwerako ndi ankhoswe onse awiri, mmodzi wakhungu. Anawakhazika pamaso pa kalaliki uja.

"Bambo, chikalata chija ndi ichi. Chifunseni, chimayankha."

Kalalikiyo anatsegula faelo ya penshoni ija ataimirira mwaulemu. Ine mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa amayiwo ndimavula chipewa.