Tenti ya mayi a Tadala

Lachiwiri lapitali ndinachoka pamsika wa Songani nditagula tenti n'kuimanga pakaliyala ya njinga, ndikumwetulira ndekha msewu wonse. Akazi anga, mayi a Tadala, akupita kumsonkhano wa amayi a mpingo wa masiku atatu. Chaka chatha anabwerako msana utauma chifukwa chogona mothithikana m'kalasi. Ndiye ndinati ulendo uno akagone ngati bwana.

Ndinaidzutsa pansi pa mtengo wa mapeyala. Yobiriwira, ya zipi, mpaka kawindo ka neti.

Analowamo akuseka. "Iii, bambo a Tadala, koma mwandikweza!"

Sipanapite nthawi, ndinamva chifuwa chikulira fyii, fyii. Paja mayiwa ali ndi mphumu.

"Tatulukani, mayi."

"Ayi, ndi kafumbi chabe. Ndi yabwino zedi."

Mwamuona munthu? Akubanika, koma akuopa kundikhumudwitsa.

Nditawatulutsa ndinalowetsamo mutu. Fungo lake ngati penti wosakaniza ndi palafini, maso mpaka kuyabwa. Mwana wathu Tadala, yemwe amaphunzitsa sayansi kusekondale, anapeza kansalu ka tizilembo ta Chingerezi kumsoko, n'kutimasulira. Akuti matenti ambiri amawapaka mankhwala kuti asagwire moto msanga komanso kuti mvula isalowe. Ena mwa mankhwalawo amatuluka dzuwa likawomba, ena amatsalira m'manja, munthu n'kudya nawo.

"Ndiye ababa, musanagule simunanunkhize?"

Ndinangokanda m'mutu.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa wogulitsa uja. Anandiyankha mokoma mtima: "Limenelotu ndi fungo la kunja, madala. Ndiye kuti ndi orijino!"

Sananame dala. Ndi mmene timaganizira ambirife. Pamsika usipa timaununkhiza, tomato timamudina, mtedza timalawa mpaka wogulitsa kukwiya. Koma chinthu chikangobwera m'pepala lonyezimira, mphuno timaisiya kunyumba. Ine ndinafunsa za kukula, za zipi, za mtundu. Zoti m'menemo mukagona munthu wopuma, sindinafunse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tinamasula matenti anayi pomwepo, ine ndikununkhiza iliyonse ngati galu wosaka, amayi ogulitsa tomato akufa nacho chiseko. Ndinasankha yotuwa, yosaoneka bwino, koma ya mawindo awiri ndiponso yopanda fungo. Tadala akuti kusanunkha si umboni wonse, choncho taiyanika pamthunzi masiku atatu, ndipo walamula kuti aliyense woigwira azisamba m'manja asanadye.

Dzulo masana mayi ake anagonamo ola lathunthu, ine nditakhala panja pampando, khutu lili kuchifuwa chawo. Zii. Potuluka anangoti, "Iyi ndi yonyansa, koma ndikupuma."

Anzanga, inu amene mukugulira ana a sukulu ndi achinyamata a mpingo matenti a kukampu, mwafunsa kale kuti mulowa anthu angati. Nanga mwalowamo nokha, n'kutseka zipi, n'kupuma?